Kalata Yopanda Chidindo

Sendererani kuno, abale anga, kuti ndisakweze mawu. Tinasankha chipinda chino cha kuseri kwa chigayo chifukwa injini ikamalira wodutsa panja samva kanthu. Tonse muno tinapitako kumalo kuja, ena chaka chimodzi, ena zaka zisanu, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anaima pamaso pa woweruza. Dzina la malowo sinditchula. Mukulidziwa, ndi fungo lake lomwe.

Ine ndine Gama, wa ku Kandeu. Bokosi lachitsuloli ndabwera nalo dala. Muli mapepala anga onse, kuyambira kalata yondilemba ntchito mpaka chiphaso cha njinga. Sindinabwere kudzakuuzani kuti zimene anatichitira zinali zabwino. Zinali zoipa, ndipo ndidzalowa m'manda ndikunena choncho. Ndabwera kudzakuuzani za nthawi imene ine, munthu wolakwiridwa, ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi sitampa imodzi.

Ndinali kalaliki wa dipi zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yanga inali kusakaniza mankhwala m'madzi, kuima pakhomo la mpanda, ndi kuwerenga ng'ombe zikamadumphira m'dipimo imodziimodzi kuti nkhupakupa zife. M'kaundula wanga munalibe pofufuta. Bwana wa za ziweto akabwera kudzayendera ankati, "A Gama, mukanakhala awiri m'boma lino, nkhupakupa zikanasamukira ku Dedza." Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Tsiku lina, mankhwala nditasakaniza kale, ng'ombe zitatsika kumapiri kuyambira mbandakucha, anafika anyamata a chipani n'kunena kuti dipi itsekedwe, aliyense apite kumsonkhano. Mvetsani bwino apa. Ndinatseka. Ndinapita kumsonkhanoko khadi la chipani lili m'thumba, ndipo ndinaomba m'manja pamene ena ankaomba. Ng'ombe zinabwerera kumakola zosasamba. Madzulo tikudya kunyumba ndinangoti, "Kaya nkhupakupa nazo zinauzidwa za msonkhano." Tinalipo atatu: ine, mkazi wanga Nangozo, ndi mchimwene wake Layisoni, amene anabwera kudzabwereka goli la ng'ombe. Layisoni anaseka mpaka kutsamwa.

Patapita masiku asanu ndi anayi galimoto inaima pa dipi. M'chipinda chofunsira mafunso anandiwerengera mawu anga omwe aja, osachotsera, osawonjezera.

Ndinakhalako zaka zitatu ndi miyezi inayi. Za kumeneko sindikuuzani, mukuzidziwa. Ndingotchula munthu mmodzi, chifukwa abweranso m'nkhaniyi. Anali telala, dzina lake Mateyu, ndipo ankagona pafupi nane. Mlandu wake unali woti amanyamula makalata a anthu amene anathawa m'dziko muno. Amlandu umenewo sankawachotsa matangadza usana ndi usiku. Akakolo a Mateyu anaola iye ali moyo. Anamwalira nthawi ya dzinja, ndipo bulangete lake anandipatsa ine.

Potuluka anandipatsa pepala ili. Mizere itatu ndi chidindo. Likunena kuti ndatulutsidwa. Silikunena chimene ndinalowera.

Kunyumba ndinapeza ntchito yanga ili ndi wina, mnyamata woti sadziwa ngakhale kuyeza mankhwala. Ndinayamba kulemba makalata. Ku ofesi ya ziweto, kwa akuluakulu a boma, ku likulu. Ndinkapempha zinthu ziwiri zokha: andiuze mlandu wanga, andibwezere pa dipi. Makalata makumi anayi ndi awiri, iliyonse ndi chotsalira chake cha pepala la kaboni. Mayankho anabwera awiri, ndipo onse akuti kalata yanga ailandira. Awa.

Apa m'pamene ndinayamba kutsetsereka, ndipo ndinatsetsereka msanga. Kukacha, anzanga akutenga makasu, ine ndinkayala mphasa pakhonde, kutulutsa mapepala onse, kuwaika m'ndondomeko, ndi kuwawerenga mokweza. Nangozo ankayenera kukhala pansi kumvetsera. Akanyamuka kukapatsa nkhuku madeya, ndinkayambanso pa tsamba loyamba. Munda wakumtunda unasanduka tchire. Masana ndinkapita ku kachasu, osati kukasangalala, koma chifukwa kumeneko kunali makutu atsopano. Posakhalitsa ngakhale zidakwa zinayamba kusuntha mipando zikandiona. Ana anga anayamba kudyera kuseri kwa nyumba. Mawu anga anali amodzi: mlandu suola.

Mlanduwo ndinkauzenga m'mutu mwanga tsiku lonse. Ndinali woweruza, ndinali wodandaula, ndinali mboni. Woimbidwa mlandu anali mmodzi, Layisoni. Ndinkamufunsa mafunso ndikutafuna, ndikusamba, ndili m'tchalitchi. Ankagonja tsiku lililonse, ndipo m'mawa mwake mlandu unkayambanso.

Nangozo anapirira zaka ziwiri. Tsiku lina ndikuwerenga anandidula.

"Bambo a Elina, achimwene aja ndi amene ankabweretsa chimanga pano inu kulibe. Zaka zitatu zonse."

"Ankagula chiyani ndi chimangacho? Munthu sadyetsa ana a mnzake popanda chomuluma mumtima."

"Ndiye akanatisiya tife, mukanati ndi wosalakwa?"

"Mukuikira kumbuyo m'bale wanu."

"Ndikuikira kumbuyo ana anu. Amene anatengedwa pa dipi paja anali mwamuna wanga. Amene anabwerera kuno si munthu, ndi bokosi."

Ndinamenya mphasa ndi chibakera, mapepala n'kubalalika, ndipo ndinamulamula kuti awatole. Anawatola, limodzilimodzi, n'kuwaika m'manja mwanga. Mawa lake anatenga Elina ndi ana aang'ono awiri n'kupita kwa amayi ake.

Nditatsala ndekha ndinagula kope latsopano. Layisoni ankachita geni ya mbatatesi ndi nyemba ku Tsangano, ndipo monga aliyense wa kumeneko, ankaoloka malire kukagula katundu tsidya linalo. Ndinayamba kulemba: tsiku limene wapita, njira imene wadzera, tsiku limene wabwera, matumba angati. Ndinkafunsa oyendetsa ngolo ngati ndikungocheza. Miyezi isanu ndi iwiri. Zonse zimene zili m'kopeli ndi zoona, nali, mukhoza kuliona.

Kenako ndinalemba kalata yopita kwa anthu aja amene amabwera ndi galimoto. Ndinakopera masiku onse bwinobwino. Pansi pake ndinawonjezera mzere umodzi: kuti m'matumba a nyemba amabisamo makalata a anthu othawa m'dziko. Dzina langa sindinalembe. Ndinamata envelopu, ndinamata sitampa. Layisoni anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Ndinkadziwa, koma sindinaleke.

Sindinafune kuiponya kwathu, kumene wolandira makalata amadziwa kalembedwe kanga. Ndinasankha ku Nsipe. Masiku amenewo makalata kumeneko ankalandiridwa m'sitolo ya Che Amidu, ndipo thumba lake linkakwera basi ya 2 koloko masana, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndinali ndi chifukwa chinanso chopitira. Denga langa linkadontha, popeza panalibe wolifolera, ndipo bokosili linachita dzimbiri n'kubooka pansi. Pakhonde la sitolo yomweyo pankakhala mkulu wina wokhoma zidebe, amene anthu ankangomutchula kuti a Kopolo, chifukwa anamenya nawo nkhondo yaikulu ija ya azungu.

Ndinafika Lachisanu dzuwa lili paliwombo, bokosi pa kaliyala wa njinga, kalata m'thumba la malaya. Sitolo ndinaipeza yotseka, Che Amidu atapita kumzikiti. Ndinati palibe kanthu, atsegula basi isanafike, pakadali pano bokosi likonzedwe.

A Kopolo anali munthu wamfupi, wa dzino limodzi kutsogolo, wosadziwa ulemu. Anagogoda bokosilo ndi chala.

"Khutulani."

"Ndikhutulire pati?"

"Pansi. Kapena mukufuna ndikhomere limodzi ndi katundu wanu?"

"Awa ndi mapepala a boma, sangakhale pa fumbi."

"Ndiye afungatireni, a Kalaliki. Mwana ndi wanu."

Ndinawafungatiradi. Mulu wonse, kuyambira pamimba mpaka pachibwano, ndikuupanikiza ndi ndevu chifukwa kunali mphepo. Ndinaima choncho iwo akudula lata, akuyeza, akusuta, akuyankha moni wa aliyense wodutsa. Manja anayamba kuchita dzanzi. Chigamba chitatsala mbali imodzi, anaika nyundo pansi, anatenga thumba lakutha lopindapinda, n'kuzungulira kuseri kwa sitolo.

Ndinadikira. Ndinaganiza kuti apita kukadzithandiza. Atachedwa ndinawatsatira ndi mulu wanga, ndipo ndinawapeza atakhala pa thumba lija, miyendo atapinda, msana uli chilili, nkhope italoza kukhoma la njerwa. Maso anali otsegula pang'ono. Kukhomako kunalibe chithunzi, kunalibe mtanda, kunalibe kanthu.

"A Kopolo! Ntchito yanga mwaisiya pakati!"

Zii.

"Kodi mukupemphera?"

Zii. Ntchentche inatera pamphuno pawo, inayenda, inauluka.

Ndinawanena mawu ambiri. Ndinati ndi chifukwa chake dziko silikutukuka. Ndinati ndikawanenera kwa Che Amidu. Ndinangoona mapewa awo akukwera pang'ono ndi kutsika. Patapita nthawi anawerama, anatambasula miyendo, n'kundiyang'ana.

"Mwatha? Mulomo wanu ukanakhala nyundo, bwenzi bokosi litatha kale."

"Mumachita chiyani apa?"

"Ndinakhala."

"Kukhala ndiye ntchito?"

"Yesani muone ngati si ntchito."

Kenako anandiuza, akupichira fodya. Nkhondo itatha ku Bama, gulu lawo analiika kulondera asilikali a ku Japani amene anagwidwa. Panali mmodzi, wophika, amene m'mawa uliwonse ankakhala choyang'ana mpanda wa nsungwi. A Kopolo anaganiza kuti akuyeza pothawira, ndiye anamumenya ndi mfuti kumsana. Munthuyo anagwa, anadzuka, anakhalanso. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu a Kopolo anangoima kumuyang'ana, ndipo wophikayo anasuntha pang'ono n'kuwalozera pansi pafupi naye.

"Chinenero sitinkamvana," anatero a Kopolo. "Anandionetsa ndi manja. Msana apa, manja apa, maso apa. Kwawo amati Zeni. Ine ndimangoti kukhala. Ndinali ndi anthu m'mutu, a Kalaliki. Amene ndinawaombera, ndi anzanga amene ndinawasiya m'matope. Ankandilankhula ndikudya. Mpaka lero amabwera, koma sagonera."

"Zimenezo ndi za anthu osapemphera," ndinatero. "Ine ndine mkhristu, ndipo mutu wanga uli bwinobwino."

"Inu si mumawerenga ng'ombe ku Kandeu?"

"Zaka khumi ndi zinayi, osaphonya ngakhale thole."

"Ndiye werengani kupuma kwanu. Mpweya ukatuluka, kamodzi. Ukatulukanso, kawiri. Mufike pa khumi osaganiza china. Mukaganiza china, mubwerere pa kamodzi. Mukafika, bokosi ndikumalizirani pompano, ndiponso ndikupepesani pamaso pa anthu."

Abale anga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakhala pansi chifukwa mtima unasweka. Ayi. Ndinakhala chifukwa wokhoma zidebe ananyoza kuwerenga kwanga.

Koma kuti munthu akhale mmene ankafuniramo, manja amayenera kukhala pamiyendo, lina pamwamba pa linzake. Manja anga anali odzaza. Ndinayang'ana uku ndi uku. A Kopolo anayala lata pansi, ndinaikapo mulu wanga, iwo n'kutsamiza nyundo pamwamba. Manja anga anakwera okha m'mwamba, opepuka ngati si anga. Kuyambira tsiku limene ndinatuluka kuja, aka kanali koyamba kufulatira mapepala amenewa ali panja pa bokosi.

Ndinayang'ana njerwa. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kenako ndinapezeka ndili m'bwalo la milandu, Layisoni ali m'bokosi la mboni, ndikumufunsa kuti goli lija ankalifunadi kapena anabwera kudzamvetsera. Sindidziwa kuti ndinakhalako nthawi yaitali bwanji.

"Mwafika pa kangati?"

Ndinafuna kunena kuti kasanu ndi kawiri. Koma ine pa nambala sindinama. "Katatu."

"Ng'ombe zitatu, kalaliki wagona. Yambaninso."

Ndinayambanso. Katatu, Layisoni. Ndinayambanso. Kawiri, Nangozo akutola mapepala. Ndinayambanso. Kanayi, ndipo ndinasangalala kuti ndafika pa kanayi, ndipo kusangalalako kunanditayitsa. Thukuta linayamba kutsika. Ndinamva Che Amidu akutsegula zitseko za sitolo. Ndinati ndiyese kamodzi kokha. Ndinamva basi ikuliza hutala kumsewu, anthu akuthamanga, wina akufuula kuti thumba la makalata. Ndinali pa kawiri, ndipo ndinati munthu uyu sandiona ndikunyamuka pa kawiri. Basi inapita.

Tsiku limenelo Layisoni anapulumuka chifukwa cha makani anga, osati chifundo changa. Ndikunena poyera chifukwa ndi mmene zinakhalira.

Ndinapalasa njinga kubwerera ku Kandeu ndili wokwiya kuposa mmene ndinabwerera. Koma mkwiyowo unali utasintha malo. Chimene chinkandiwawa chinali ichi: ine ndinkati mlanduwu ndikuuzenga mwa kufuna kwanga, monga munthu wofuna chilungamo. Tsopano ndinaona kuti sindingathe kuuimitsa ngakhale kwa kupuma kanayi. Sindinali woweruza. Ndinali wam'ndende, ndipo chitseko ndinkatseka ndekha m'mawa uliwonse.

Lachiwiri ndinapitanso ndi kalata. Ndinati ndiyambe ndagonjetsa mkulu uja, kenako ndiponye. Basi inandisiyanso. Lachisanu lake chimodzimodzi. Che Amidu anayamba kundiseka: "A Gama, mwalowa mpingo wa a Kopolo? Muli awiri tsopano, musankhe msungichuma." A Kopolo sanandifunsepo chimene chinali m'thumba la malaya, ngakhale ankaona dzanja langa likupita pamenepo kawirikawiri.

Ulendo wachinayi ndinafika pa kasanu ndi kamodzi. M'mutu munachita bata pang'ono, ngati m'dipi ng'ombe zikatha. Ndipo m'batamo simunabwere Layisoni. Munabwera kulira kwa matangadza. Mateyu akutembenuka pa simenti, pang'onopang'ono, kuti asatidzutse. Ndinamva fungo la bulangete lija. Ndipo ndinakumbukira tsiku limene anandiuza mawu amene anamuwerengera m'chipinda cha mafunso: amabisa makalata a anthu othawa m'dziko m'katundu wake.

Mawu a mzere wanga uja. Sindinawapeke ine. Ndinawatenga kwa Mateyu. Ndinawasankha chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti amagwira ntchito. Winawake, kwinakwake, anakhala pansi ndi cholembera monga ndinakhalira ine, n'kumulembera telala uja mzere umenewo, mwina nayenso ali ndi chifukwa chake chabwino. Zaka khumi ndi zinayi za kaundula wopanda bodza, ndipo bodza langa loyamba papepala linali la kupha.

Ndinadzuka, ndinapita pa tchire, ndinasanza. Kenako ndinabwerera. Ndinayembekeza kuti a Kopolo andifunsa, kapena anena mawu anzeru. Anangoloza thumba lija.

"Yambaninso pa kamodzi."

Ndinakhala. Basi inalira, inapita, ndipo tsiku limenelo ndinaimva bwinobwino mpaka phokoso lake linazimirira cha ku Ntcheu.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita pobwerera, chifukwa ena mwa inu mwabwera kudzamva zimenezo.

M'mawa uliwonse, ndisanakhudze bokosi, ndinkapinda thumba n'kukhala choyang'ana khoma la kuchipinda. Poyamba nthawi yongokwana kuwiritsa madzi a tiyi. Msana woongoka, koma osauma ngati msilikali. Maso osatseka, chifukwa mukatseka mumaona kuja. Muyang'ane pansi patsogolo panu. Muwerenge mpweya wotuluka mpaka khumi, kenako mubwerere pa kamodzi. Mudzalephera. Ine ndinafika pa khumi patatha miyezi iwiri, ndipo mpaka lero masiku ena ndimathera pa katatu. Kulepherako si vuto. Ntchito yake ndi kubwererako.

Maganizo adzabwera, ndipo musalimbane nawo. Ndinayesa kuwathamangitsa, anabwera ndi anzawo. Chimene chinandithandiza ndi ntchito yanga yakale. Kalaliki wa dipi amaima pakhomo. Ng'ombe imabwera, amaiona, imadumphira m'madzi, imatuluka mbali inayo, imapita. Ngakhale ikhale nkhunzi yolusa imene inamugundapo, iye saitsatira kukhola. Akaitsatira, zana zidutsa osaziona. Layisoni akabwera m'mutu ndinkati, wabwera Layisoni, ndipo ndinkamusiya asambire atuluke. Ankabweranso. Ndinkamusiyanso.

Bokosi ndinaliikira lamulo. Limatsegulidwa Loweruka lokha, ndipo mapepala amawerengedwa chamumtima. Ena anandiuza kuti ndiwatenthe. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Mapepalawa ndi umboni wa zimene zinachitika, ndipo tsiku lina padzapezeka wofunsa. Kusiya katundu si kunena kuti katunduyo kulibe. Ndi kumuika pansi, kutsamiza nyundo, manja n'kugwira khasu.

Khasulo ndinaligwiradi. Munthu amene wangokhala kuyang'ana khoma osalima ndi waulesi wamba. Ndinasosa munda wakumtunda ndekha, ndinafolera denga. Kachasu sindinamusiye tsiku limodzi, koma nditasiya kufuna makutu a anthu, kumowako kunalibenso chondiitana.

Kenako ndinapita kwa apongozi. Nangozo ndinamupeza akusenda chinangwa, ndipo sanaimirire.

"Mapepala aja alipo?"

"Alipo."

"Ndiye mwadzatani?"

"Ndadzakuuzani kuti munda wakumtunda ndabzala."

"Kubzala amabzala aliyense. Ndidzaona pokolola."

Anabweradi titakolola, osati tsiku limodzi m'mbuyo. Za kalata ija ndinamuuza patapita chaka. Sanalankhule nane sabata yathunthu, ndipo anali ndi chifukwa.

Musaganize kuti zonse zinabwerera m'malo. Ntchito sanandibwezere. Mlandu wanga sanandiuze mpaka lero. Mwana wanga woyamba, Elina, amene anakula akudyera kuseri kwa nyumba, amandipatsa moni ngati mlendo wa mumsewu, ndipo ana ake sabwera nawo kwathu. Amene anandilanda zimenezo si anthu a galimoto aja. Ndinataya ndekha, pamphasa, ndikuwerenga mokweza. A Kopolo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Pa maliro awo tinalipo ochepa. Za iwo ndilibe pepala lililonse, koma chigamba ichi pansi pa bokosi.

Layisoni anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi. Sitinakhale pa ubwenzi. Tinkapatsana moni pa maliro ndi pa maukwati, basi. Ana ake onse anakula, wina ndi mphunzitsi. Chaka chatha anadwala chifuwa, ndipo anatumiza uthenga: alamu abwere, ndili nawo mawu. Ndinavala jekete. M'njira bwalo la milandu lija linatsegukanso m'mutu mwanga ngati silinatsekedwepo. Ndinati lero ndimva.

Ndinafika mochedwa. Anali atasiya kulankhula m'mawa womwewo. Maso anali otsegula, anandizindikira, milomo inkayenda, koma mawu osatuluka. Ndinaweramira pafupi. Ndinafuna kumugwedeza, abale anga, munthu woti akufa. Ndinafuna kufuula kuti nenani, munali inu kapena ayi? Pakuti ndikuuzeni chimene ndinachikana zaka zonsezi: madzulo aja tikudya, zenera linali lotsegula, ndipo kuseri kwake kumadutsa njira ya kuchitsime. Mwina anali iye. Mwina ankafuna kupepesa. Mwina ankafuna kundiuza kuti amadziwa kuti ndimamuganizira, ndipo sanali iye. Sindidzadziwa.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mphasa yake, ndinaongola msana, ndinaika manja pamiyendo. Mpweya wake unkamveka m'nyumba monse, ndiye ndinawerenga wakewo m'malo mwa wanga. Kufika pa khumi, kubwerera pa kamodzi. Kufika pa khumi, kubwerera. Dzuwa likupendeka ndinawerenga kasanu ndi kawiri, ndipo ndinadikira kachisanu ndi chitatu. Sikanabwere. Ndine amene ndinamutseka maso.

Kale ndinkati mlandu suola. Ndi zoona, suola. Amaola ndi munthu amene waufungatira.

Nayi kalata ija. Iyendetseni, aliyense aigwire, koma musaitsegule. Onani sitampayo. M'bokosi muno, kupatula zotsalira za kaboni ndi kope lija, pepala lililonse lili ndi chidindo cha ofesi ina yake, chidindo chondilemba ntchito, chonditulutsa, chondiuza kuti alandira. Ili lokha ndi lopanda chidindo. Likanadindidwa, lero bwenzi ndikukhala ndi Mateyu wachiwiri m'mutu, wopangidwa ndi dzanja langa, ndipo palibe khoma limene likanandithandiza.

Sindikudziwa mitima yanu, koma maso ndili nawo. Chilowereni muno, pali mmodzi wa inu amene dzanja lake lapita pathumba la malaya kasanu. Ndawerenga. Sinditchula dzina, ndipo sindifunsa kuti yalembedwera yani. Mwina munthuyo anakulakwiranidi. Lero ndi Lachisanu, ndipo wotchi yanga ikuti kwatsala mphindi makumi awiri kuti basi ya makalata ifike. Chitseko sichinakhomedwe, wofuna kutuluka atuluke.

Enafe titembenuze mipando, tiyang'ane kukhoma. Matumba a chimanga ali apo, pindani mukhalire. Injini ya chigayo isakuvuteni, ilekeni ilire. Msana woongoka, manja pamiyendo. Inu akuthumba la malaya, ndikupempha chinthu chimodzi chokha: musanyamuke musanafike pa khumi.

Mpweya utuluke. Kamodzi.